Kale Chitosi, Lero Gulugufe

Kuseri kwa nyumba yathu ku Zomba kuli mtengo wa mandimu umene unabzalidwa ana athu asanabadwe. Mvula itangoyamba chaka chatha, mtengowo unaphukira masamba anthete, ndipo m'mawa wina mdzukulu wanga, mtsikana wa Sitandade 5, anabwera akuthamanga, nkhope atakwinya.

"Agogo, mbalame zaipitsa mandimu athu. Tsamba lililonse chitosi!"

Ndinapita kukaona. Zoonadi, pamasamba panali tizitosi takuda, tokhala ndi banga loyera pakati, tonyezimira ngati tangogwa kumene. Ndinatola kamtengo kuti ndichotsepo kamodzi. Kachitosiko kanadzutsa mutu.

Tangoganizani kanthu kotalika ngati chikhadabo, kabulauni wodetsedwa, ka tiziphuphu ndi timinga thupi lonse, kali khale pakati pa tsamba osabisala n'komwe. Kunyansako ndiko kanali kudalira. Pumbwa akamasaka mbozi sayang'ana chitosi kawiri. Titakagundanso, kanatulutsa kuseri kwa mutu tinyanga tiwiri tofewa, tamphanda ngati lilime la njoka, ndipo fungo lake linali la makoko a mandimu owola. Mwanayo anatseka mphuno. Agogo ake aakazi, amene ankatsuka mbale chapafupi, anangoti, "Ziphwanyeni zimenezo, Bambo, zitha masamba."

Sitinaphwanye. Ndinaphunzitsa sayansi ku sekondale zaka zambiri, ndipo moyo wa gulugufe ndinaujambula pabolodi kosawerengeka, koma mwanayu ndinafuna kuti aone ndi maso ake. Tinatenga kambozi kamodzi n'kukaika m'botolo lalikulu lagalasi pamodzi ndi kanthambi ka mandimu, pakamwa pa botolo n'kumangapo kachidutswa ka neti yakale. Botololo linakhala pawindo la kukhitchini.

Kamlendoko kanali ndi ntchito imodzi yokha, kudya. Tsamba loika m'mawa, pofika madzulo latsala mtsempha wapakati. Koma kudya kotere kuli ndi vuto lake. Ife mafupa athu ali m'kati, ndipo khungu limakula nafe limodzi. Mbozi, chiwala ndi nkhanu zimavala mafupa azo kunja ngati malaya, ndipo malayawo si amoyo, sakula. Khungu la mbozi limatamukako pang'ono, koma mutu wake uli m'chisoti cholimba chimene sichifutukuka ngakhale pang'ono. Zili ngati mwana amene anamusokera yunifolomu ali Sitandade 1, iye n'kumakula, nsalu ili yomweyo. Tsiku lina mabatani adzathothoka basi.

Patapita masiku atatu mdzukulu wanga anandidzutsa ndi mawu achisoni. "Agogo, kafa." Kanali katasiya kudya, kali phee pa kamkeka ka ulusi komwe kanaluka patsamba. Khungu linali mbuu, lothina ngati lifuna kuphulika, kamutu kali lende kutsogolo ngati chipewa chomwe chatsetserekera kumaso. Ndinamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, pakuti tsiku limene mbozi imaoneka yakufa ndi limene imagwira ntchito yaikulu koposa. Pansi pa khungu lakale, mnofu wamoyo umakhala utadzikoka n'kusiya kampata. M'kampatamo umathiramo timadzi, kenako n'kuyamba kuyala khungu latsopano, lalikulu kuposa lakale, lamakwinyamakwinya ngati nsalu yopinda m'sutikesi. Khungu latsopanolo likakhala ndi nsanjika yodzitetezera, timadzi tija timadzuka n'kuyamba kusungunula lakale kuchokera m'kati, thupi n'kumamwa zosungunukazo kuti limangirenso. Mbali yaikulu ya chovala chakale imabwerera m'thupi. Ndi mmisiri amene akumanga nyumba yatsopano m'kati mwa yakale, akumazula njerwa za chipupa chakale n'kumamangira chatsopano, odutsa panja osadziwa kanthu.

Mawa lake tinaona ndi maso athu. Kambozi kanayamba kudzikoka, mafunde akuyenda m'thupi kuchokera kumchira kupita kumutu. Kanafufuma, khungu n'kung'ambika kuseri kwa mutu. Chisoti chakale chinagwera pansi, khungu n'kumakwinyikira kumbuyo ngati sokosi imene munthu akuvula. M'mbali munkasololoka timaulusi toyera, zokutira za m'kati mwa timipaipi topumira, pakuti mbozi imafundula ndi m'kati momwe. Katapumula, kanatembenuka n'kudya khungu lake lakale osasiyako kanthu.

Nanga chinatuluka n'chiyani? Chitosi ndithu, chokulirapo chabe. Mwanayo anandiyang'ana. "Ndiye kavutikiranji, Agogo?"

Funso lake linali ndi mafunso awiri m'kati, ndipo onsewo anasowetsa tulo anthu ophunzira kwa zaka makumi angapo. Ndani amauza mbozi kuti nthawi yovula yakwana? Ndipo ndani amaiuza chovala choti ivale?

Kale akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti mahomoni, amithenga aja oyenda m'magazi, ndi a anthu ndi nyama za mafupa zokha, kachilombo kalibe zotere. Amene anatembenuza maganizowa ndi Stefan Kopeć wa ku Poland, ndipo chimodzi mwa zida zake chinali ulusi wamba. Pakati pa 1917 ndi 1922 ankatenga mbozi za gulugufe wina wausiku n'kuzimanga pakati zolimba, kuti magazi akutsogolo asafike kumbuyo. Akamanga nthawi isanakwane, mbali ya kumutu yokha ndiyo inkasandulika, ya kumchira n'kutsala mbozi. Akachedwa kumanga, thupi lonse linkasandulika, chifukwa uthenga unali utadutsa kale. Akachotsa ubongo msanga, mbozi inkakhalabe ndi moyo koma osasintha. Zinaonekeratu kuti lamulo limachokera ku ubongo ndipo limayenda m'magazi. Zimandimvetsa chisoni kuti munthu woleza mtima chonchi anaphedwa ndi asilikali a Germany mu 1941, m'nkhalango ya Palmiry pafupi ndi Warsaw, ntchito yake isanalandire ulemu wonse woiyenera.

M'zaka za m'ma 1940, Soichi Fukuda wa ku Japan, pofufuza mbozi zopanga silika, ndi Carroll Williams wa ku Harvard, anaonetsa kuti ubongo sulankhula ndi khungu mwachindunji. Umatuma mthenga, homoni yotchedwa PTTH, kupita ku tiziwalo tiwiri ta pachifuwa, chakuseri kwa mutu. Tiziwaloti ndi timene timathira m'magazi homoni yofundulitsa, ecdysone. Kwa mdzukulu wanga ndinafotokoza chonchi: mfumu imatuma nyakwawa kwa woimba ng'oma, ng'oma ikalira mudzi wonse umadzuka nthawi imodzi. N'chifukwa chake khungu la kumutu, la kumchira ndi la m'timipaipi topumira limasiyana ndi thupi tsiku limodzi. Ndipo chopangira ecdysone ndi mafuta a mtundu wa kolesitelo, amene kachilombo sikangapange kokha. Kamawatenga m'chakudya. Ng'oma ya kambozi kathu inasemedwa ndi tsamba la mandimu.

Kuti homoniyi igwidwe m'manja panapita thukuta losaneneka. Mu 1954, Adolf Butenandt ndi Peter Karlson a ku Germany anasonkhanitsa makilogalamu 500 a mbozi za silika zogona m'zikwa, kulemera kwake ngati matumba khumi a chimanga. Anasinja, anasefa, anasefanso, ndipo pomaliza anatsala ndi mamiligalamu 25 okha a ecdysone, kulemera ngati kambewu kamodzi ka mpunga. Matumba khumi, kambewu kamodzi! Ndikaganiza zimenezi ndimaona kuchepa kwa kadontho kamene kanagwedeza kambozi ka m'botolo lathu.

Funso lachiwiri analiyankha Vincent Wigglesworth ku London m'zaka za m'ma 1930, ndi kachilombo koyamwa magazi ka ku South America kotchedwa Rhodnius. Kameneka kamafundula pokhapokha kakakhuta magazi, ndiye tsiku lake n'losavuta kuwerengera. Wigglesworth ankadula mitu ya tizilomboti, ndipo tina tinkakhala ndi moyo kupitirira chaka osafundula. Ankalumikiza tiwiritiwiri ndi phula kuti magazi asakanikirane. Anapeza kuti kuseri kwa ubongo kuli kachiwalo kena kakang'ono kwambiri, kotulutsa homoni imene anaitcha juvenile hormone, kunena kuti homoni ya ubwana. Ng'oma ya ecdysone ikalira homoni ya ubwana ili yambiri m'magazi, kachilombo kamavula n'kuvalanso za ubwana. Ikalira homoniyo itatha, kamavala za ukulu. Nthawi ina Wigglesworth analemba zilembo za dzina lake, VBW, pamsana pa kachilombo ndi homoni ya ubwana. Katafundula kanatuluka kakakulu thupi lonse, koma zilembo zitatuzo zili m'khungu la ubwana, zowerengeka bwinobwino.

Nzeruzi zinafika mpaka m'nyumba zathu. Pa maneti ena otetezera ku udzudzu amapakapo mankhwala otchedwa pyriproxyfen, amene amatsanzira homoni ya ubwana n'kusokoneza kuswana kwa udzudzu. Mtengo wa nimu nawo uli ndi mankhwala amene amasokoneza uthenga wofundulitsa, mbozi yodya tsamba lopopera n'kukanirira m'khungu lake lakale. Alimi amene amathira madzi a nimu pa ntchemberezandonda akumenya pomwepo.

Tibwerere pawindo la kukhitchini. Patadutsa masiku ena anayi, kachitosi kokulirako kanakhalanso phee. Ulendo uno mwanayo sanalire. Anadzuka mbandakucha n'kukakhala pampando pafupi ndi botolo, phala likuzizira m'mbale. Ine ndinali panja pamene ndinamva kukuwa.

"Agogo! Bwerani! Asintha!"

Khungu lakuda lija linali litakwinyikira kumchira, ndipo m'malo mwake munali mbozi yobiriwira biriwiri, mtundu weniweni wa tsamba la mandimu. Tiziphuphu tonse tinali titapita, timinga tonse titapita. Thupi linali losalala see, chifuwa chotukuka ngati cha munthu wodya bwino, mizere yabulauni itadutsa chopingasa ngati mikanda, ndi timadontho tiwiri pamapewa tooneka ngati maso a njoka. Dzulo lake mukanadutsa mutatseka mphuno. Lero munkafunika kuyang'anitsitsa kuti muisiyanitse ndi tsamba, ndipo mukaipeza simukanachotsapo maso. Chitosi chachikulu ngati chala palibe mbalame ingachikhulupirire, ndiye mbozi ikakula imasiya bodza lakale n'kubisala m'mtundu wa mtengo. Ngakhale kusintha kumeneku kuli m'manja mwa homoni ya ubwana. Mu 2008, Ryo Futahashi ndi Haruhiko Fujiwara a ku Tokyo anaonetsa pa gulugufe wa kwawo, msuweni wa wathuyu, kuti homoniyi imatsika mbozi ikangolowa msinkhu wachinayi, ndipo kutsikako n'kumene kumakonzeratu chovala chobiriwira. Atapaka mbozi mankhwala otsanzira homoniyo nthawi yomweyo, zinafundula n'kutulukanso ndi maonekedwe a chitosi.

Mbozi yobiriwirayo inadya moopsa kwa sabata, masamba atatu kapena anayi patsiku, mpaka inatalika pafupifupi masentimita 4. Kenako inasiya kudya, inataya zonse za m'mimba, n'kuyamba kuzungulira m'botolo ngati munthu wofuna malo omanga. Homoni ya ubwana inali itatha m'magazi. Inasankha kamtengo komwe tinaikamo, inamatirira mchira wake ndi ulusi, kenako n'kuluka lamba wopyapyala n'kudzikoloweka pakati, n'kutsamira chagada ngati mwana pambereko. Tsiku lotsatira khungu lobiriwira lija linang'ambika n'kugwa, ndipo panatsala kanthu kopanda maso, kopanda miyendo, kabulauni ngati kachitsa kothyoka, kamene mabuku a sayansi amakatcha pupa. Kukongola konse kuja kunapita. Agogo aakazi anasuzumira n'kupukusa mutu. "Mwaona? Yauma."

Masabata awiri odikira ndi aatali kwa mwana. Mwamwayi, anyamata a m'dera lathu anabwera ndi nkhanu imene anaigwira mumtsinje wa Mulunguzi, ndipo tinawapempha kuti atibwereke.

Nkhanu imeneyo inali itaona zambiri. Chigoba chinali chokandikakandika, chamatope, ndere zitamera pamsana ngati denga la nyumba yosiyidwa. Dzanja limodzi lopanira linali litaduka kalekale, mwendo umodzi wakumbuyo kulibe, minga ya m'mphepete itabunthabuntha. Inkayenda chotsimphina, ndipo kamatemba komwe tinaiponyera sinakayang'ane n'komwe. Koma pa chitsa cha dzanja lodukalo panali kathumba kofewa, kotupa ngati nyemba. Nditaona kathumbako pamodzi ndi kukana kudya kuja, mtima unandiuza kuti tili ndi mwayi. Tinaiika m'beseni la madzi a mumtsinje, ndi miyala yobisalamo, pamthunzi.

Nkhanu ndi mbozi ndi apachibale akutali, ndipo ng'oma yawo ndi imodzi, mahomoni a banja la ecdysone. Kusiyana kuli pa kaimbidwe. Woimba ng'oma wa mbozi amadikira nyakwawa kuti imuuze kuti yamba. Wa nkhanu manja ali m'mwamba nthawi zonse, wokonzeka kuimba, koma pali wina amene wamugwira mikono. Wogwirayo amakhala pamalo oti simungaganize, m'timapesi tija tonyamula maso. Mu 1905 Charles Zeleny wa ku America anaona kuti nkhanu zochotsedwa timapesi ta maso zimafundula msangamsanga. Pambuyo pake zinadziwika kuti m'timapesimo muli timaselo ta mitsempha topanga homoni yoletsa kufundula. Woimba ng'oma weniweni anapezeka mu 1953, pamene Manfred Gabe wa ku France anafotokoza tiziwalo tiwiri ta kutsogolo kwa chifuwa n'kutitcha dzina la chilembo Y. Mnzake Guy Echalier atatichotsa, nkhanu zinasiya kufundula, ndipo atatibwezera zinayambiranso. Nyengo ikakhala yabwino, chakudya chikakwana, homoni yoletsa ija imachepa, mikono imamasuka, ng'oma n'kulira. Nkhanu imene yaduka miyendo yambiri imafulumira kufundula kuti ipeze ina.

Pali chinthu chimodzi chimene sindigwirizana nacho. M'timapesi ta maso mulinso homoni yoletsa mazira kukhwima, ndiye m'malo ambiri owetera ma prawn amadula diso la yaikazi kuti iikire mazira msanga. Nzeru yochokera ku kudekha kwa anthu ngati Kopeć siyenera kuthera pa nkhanza yotere, ndipo ndimakondwa kuti oweta ena asiya mchitidwewu.

M'beseni lathu, nkhanu yokalambayo inali pakalikiliki ngakhale inkaoneka yongokhala. Inkasungunula laimu wa m'chigoba chakale kuti misoko ifewe. Minofu ya dzanja lotsalalo inkaphwa dala, pakuti dzanja lonenepa liyenera kudutsa pa kamfundo kopapatiza ka paphewa, ngati munthu wovula mkono wa malaya othina. M'kathumba kaja munali dzanja lathunthu, lopindidwa bwinobwino. Usiku wa tsiku lachisanu ndi chinayi inamwa madzi ambiri, inafufuma, chigoba chinatseguka kumbuyo ngati chivundikiro cha sutikesi, iyo n'kutulukira chafutambuyo. Ife tinali m'tulo.

M'mawa ndinamva mapazi akuthamanga. "Agogo, nkhanu zilipo ziwiri!"

Zinalipodi ziwiri. Ina inali yakale ija, ndere zake, mikwingwirima yake, maso ake ali tong'o. Mwanayo ataitola anapeza kuti ndi yopepuka ngati pepala, m'kati mulibe kanthu. Chilichonse chinalipo, zikhadabo, timapesi ta maso, ngakhale zokutira za ziwalo zopumira. Pambali pake, pansi pa mwala, panali nkhanu ina yaikulu kuposa chigoba chimene yatulukamo, moti mukanakana kuti inakwanamo. Msana unali woyera bwino, wonyezimira ngati mphika wongokulungiza kumene, wofiirira, m'mfundo muli mtundu wa lalanje. Minga ya m'mphepete inali yakuthwa ngati yosula dzulo. Miyendo inali isanu ndi itatu, yonse. Ndipo kumene kunali chitsa, kunali dzanja latsopano, laling'ono, lotuwa, likutseguka ndi kutsekeka pang'onopang'ono ngati likudziyesa. Mdzukulu wanga anaigunda pamsana ndi chala, n'kubweza msanga. Inali yofewa ngati phwetekere wakupsa. Ukulu umenewo unali madzi okhaokha, otambasula chigoba chisanaume, kuti mnofu udzapeze malo m'miyezi yakutsogolo. Dzanja laling'onolo lidzafanana ndi linzake ikadzafundulanso kawiri kapena katatu. Tinaisiyira chigoba chakale, ndipo inadyako kuti ibweze laimu wake. Patapita masiku ochepa msana unali gwa, ndipo kamatemba kaja inakakhwatula mosachedwa. Anyamata aja ataiona anakangana kuti si yawo. Tinapita tonse kukaibwezera ku Mulunguzi, ndipo inalowa pansi pa mwala ikuthamanga chammbali, kutsimphina kutatheratu.

Titabwerako, kachitsa ka pawindo kanali katayamba kuda. Madzulo a tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chimodzi, khungu lake linkaonekera m'kati ngati pepala lonyowa ndi mafuta, ndipo tinkatha kuona madontho achikasu. M'kati mwa kachitsa kouma kaja, ecdysone anali atagwira ntchito popanda womuletsa. Minofu yambiri ya mbozi inali itaphwasulidwa, ndipo timagulu ta maselo tomwe tinkabisala m'thupi chiyambire tinali titakula kukhala mapiko. Chotsala chinali kutuluka, ndipo kumeneku kuli ndi amithenga akeake, amene amadikira kuti ecdysone atsike kaye. Timaselo ta m'mbali mwa timipaipi topumira, tomwe Dušan Žitňan ndi anzake anafotokoza ntchito yake mu 1996, timatulutsa homoni yoyambitsa kudzikoka kuja, ubongo n'kuyankha ndi ina. Ubongowo umasunganso nthawi. Mu 1970, James Truman ndi Lynn Riddiford anasinthanitsa ubongo wa agulugufe ausiku a mitundu iwiri, wina wotuluka m'mawa, wina wotuluka madzulo, ndipo aliyense anatuluka pa nthawi ya mwini ubongo.

Wathu anasankha m'mawa, dzuwa litangofika pawindo. Kachitsa kanang'aluka kumutu, miyendo yakuda yayitali inatuluka ikufufuza pogwira, ndipo m'kanthawi kochepa kanthu kanali lende pakamtengo. Koma kanthu kake! Konyowa, kamimba phwii, mapiko ang'onoang'ono opiringizika ngati mpango womwe unaiwalika m'thumba la buluku lochapa. Mwanayo anandigwira dzanja. "Agogo, walumala." Ndinamuuza kuti asagwedeze botolo, angoyang'ana. Gulugufe anayamba kupopera magazi m'mitsempha ya mapiko. Tinkaona makwinya akuwongoka kuchokera paphewa kutsikira kunsonga, ngati nsalu pansi pa simbi, mimba ikuphwa mapiko akukula. Mlomo wake unali timapaipi tiwiri tosiyana, ndipo ankautambasula n'kuupinda, kuutambasula n'kuupinda, mpaka tinalumikizana kukhala kampope kamodzi koyamwira. Homoni yomaliza, bursicon, inali ikuumitsa zonse kuti zikhale momwemo. Anadontheza kadontho kabulauni, zinyalala zonse za masabata awiri aja, n'kukhala phee kwa ola lathunthu ndi kupitirira.

Kenako anatambasula.

Mapiko anali otambalala ngati chikhatho cha mwanayo, akuda bii ngati veleveti, owazidwa madontho achikasu, lamba wachikasu atadutsa kuchokera ku phiko lina kufika ku linzake. Pafupi ndi thupi panali fumbi lagolide, losalala ngati ufa wosefa. Pa mapiko akumbuyo panali maso, ena a buluu wozungulidwa ndi chakuda, ena ofiira ngati khala lamoto, m'mphepete muli mafundemafunde ngati mpendero wa chitenje chaukwati. Chimene chinkanunkha mandimu owola tsopano chinali kudikira timadzi ta maluwa. Chimene chinkatha tsiku lonse patsamba limodzi tsopano chinkagwedeza mapiko, chikuyang'ana kuwindo. Agogo aakazi anabwera kuchokera pamoto, mthiko uli m'manja, anaima kukamwa kuli yasa.

"Bambo, kachitosi kaja n'kameneka?"

Ndisanayankhe anali ataimba kale nthungululu, ndipo ana a nyumba zoyandikana anabwera akuthamanga poganiza kuti kwagwa ukwati.

Tinatulutsa botolo panja n'kumasula neti. Anakwera pachala cha mdzukulu wanga, anakhala pamenepo kanthawi, kenako anadzuka mwamphamvu n'kudutsa pamwamba pa mpanda. Iyeyo sadzafundulanso. Tiziwalo ta pachifuwa tija timafota gulugufe akamakhwima, ng'oma imasweka, ndipo chovala chimenecho ndi chomaliza. Gulugufe wamng'ono amene mumamuona pamaluwa si mwana wa wamkulu ayi, wakula kale mpaka pamene akanafika.

Patapita masiku angapo tinaona wina wa mtundu womwewo akuzungulira mtengo wathu, akutera pa masamba anthete mapiko akunjenjemera, n'kusiya dzira limodzilimodzi, lozungulira, lotuwirako chikasu, laling'ono ngati njere ya mawere. Kale agogo aakazi ankaphwanya chilichonse chokwawa pamandimu. Lero ndi iwo amene amachotsa timbozi pa mbande zawo ndi kamtengo, mosamala, n'kukatiika pa mtengo waukulu umene sumva kutha kwa masamba khumi.

Mvula ikagwa chaka chino, kayang'aneni pa masamba anthete a mandimu, malalanje kapena manachesi a kwanu. Mukapeza chitosi chodzutsa mutu, chisiyireni tsamba lake, ndipo muitane mwana adzaone.